Mbusa John Chilembwe ndi Mpingo wa ku Mbombwe: Chimene Chidagwa ndi Chimene Chidatsala

Mwezi wa Januwale umatibweretsera zikumbutso ziwiri zoyandikana. Pa 15 dziko lonse limapuma pokumbukira Mbusa John Chilembwe. Kuyambira pa 18 mpaka pa 25 akhristu a mipingo yosiyanasiyana amapempherera umodzi wawo. N'chifukwa chake pa tsamba lathu la mbiri sabata ino taikapo munthu amene sadali Mkatolika, munthu amene otsatira ake adatenthapo mishoni yathu ya Nguludi.

Ambirife a Chilembwe timawadziwira pa ndalama ya K500 ndi ya K2,000, ndipo kusukulu tidaphunzira za nkhondo yawo ya mu 1915. Koma nkhondoyo siidakwanitse ndi masabata awiri omwe. Zaka 15 za m'mbuyo mwake iwo adali mbusa wa mpingo umene adauyambitsa okha. Ankalalikira, kubatiza, kuumbitsa njerwa, kusaka malipiro a aphunzitsi, kuika maliro, usiku n'kugona ndi nkhawa ya ngongole. Mbali imeneyi ya moyo wawo ndiyo ikutikhudza ife a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, kumene chaka sichitha osamva kuti kwabadwa mphakati watsopano, nthambi ina yayamba kuotcha njerwa, kapena mpingo wina wayamba kusonkhana m'kalasi ya pasukulu. Funso lathu ndi limodzi: munthu akayambitsa mpingo n'kuutsogolera, iye atapita chimatsala n'chiyani?

Mnyamata wa ntchito za m'nyumba

A John Chilembwe adabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano, m'boma la Chiradzulu. Bambo awo adali Myao, mayi awo Mmang'anja. Idali nthawi yovuta ya malonda a akapolo, pamene mishoni ya Askoti ya Blantyre, imene idakhazikitsidwa mu 1876, inkakoka anthu ofuna chitetezo ndi maphunziro. Ali mnyamata adaphunzirako pang'ono kuwerenga ndi Chingerezi m'sukulu ya mishoni imeneyi.

Mu 1892 kuno ku Blantyre kudafika a Joseph Booth, Mngerezi wa mpingo wa Baptist amene adachokera ku Australia. Mkazi wawo adali atangomwalira kumene, ndipo adabwera ndi kamwana kawo kakakazi, Emily. A Chilembwe adakafunsira ntchito kwa iwo, ndipo adalembedwa yophika ndi yosamala m'nyumba. A Booth adatsegula mishoni ya Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, kufupi ndi Chilomoni, ndipo ankayendayenda kwambiri. Akachoka, kamwana kaja kankatsala m'manja mwa mnyamata wantchitoyu, amene ankakadwazika malungo akakagwira. Patapita zaka zambiri Emily, ali mayi wachikulire, adalemba buku lokumbukira ubwana wake, ndipo m'menemo adayamikira chisamaliro chimene adalandira.

A Booth adali munthu wosiyana ndi azungu anzawo. Ankalipira antchito ndalama zochuluka kuposa ena, ndipo ankanena poyera kuti dziko la Africa ndi la eni ake. Izi zidawadanitsa ndi eni minda, boma, ngakhalenso amishoni anzawo. A Chilembwe adakhala womasulira wawo, ndipo pa 17 Julayi 1893 adabatizidwa. Munthu amene pambuyo pake adadzaima pa gome pamaso pa mazana a anthu adayambira pamoto wa kukhitchini ndi pamphasa ya mwana wodwala. Anthu asadawakhulupirire ndi mpingo, wina adayamba wawakhulupirira ndi mwana wake.

Zimene adaona ku America

Mu 1897 a Booth adawatenga a Chilembwe kupita nawo ku America. Kumeneko adaona zinthu ziwiri. Choyamba chidali tsankho loipa, loti mzungu ndi munthu wakuda akayendera limodzi mumsewu ankanyozedwa. Chachiwiri ndicho chidawalowa mumtima. Adapeza anthu akuda, amene makolo awo ngakhalenso ena mwa iwo adali akapolo mpaka 1865, akuyendetsa okha mipingo yawo, makoleji awo ndi nyuzipepala zawo, ndi ndalama za m'mbale yawo ya chopereka.

A Booth adawapereka m'manja mwa Mbusa Lewis G. Jordan, mlembi woona za mishoni zakunja m'bungwe la mipingo ya anthu akuda la National Baptist Convention. Bungweli lidawalipirira maphunziro pa Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg, sukulu ya anthu akuda imene mkulu wake adali Gregory Hayes. Adaphunzira, adadzozedwa ubusa, ndipo mu 1900 adabwerera kwawo atatumidwa ndi bungwe lomwelo. Apa njira zawo ndi a Booth zidasiyana. Wophunzira adali atakula, ndipo ntchito imene idali kutsogolo idali yakeyake.

Mbombwe: guwa, sukulu ndi khasu

Atafika adagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, natsegula Providence Industrial Mission, imene tonse timaitchula kuti PIM. Tikumbukire kuti nthawi imeneyo mishoni zonse za m'dziko muno zidali m'manja mwa azungu. Ansembe athu a chipani cha Montfort adali asadafike. Iwo adatsegula Nzama ku Ntcheu mu 1901, ndipo Nguludi, pafupi ndi Mbombwe pomwepo, mu 1903. Wansembe woyamba wachimalawi, Bambo Cornelio Chitsulo, adadzadzozedwa mu 1937. Choncho munthu wakuda kugula malo, kumanga mishoni ndi kuitsogolera mu 1900 chidali chinthu chimene ambiri adali asadachione.

A Chilembwe sadayambe ndi tchalitchi chachikulu. Adayamba ndi sukulu, munda ndi kanyumba kopempherera. Ana ankaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu ndi Chingerezi. Akuluakulu ankaphunzira ulimi wa mbewu zogulitsa monga thonje ndi khofi, kuumba njerwa ndi ntchito zina zamanja. Ankalimbikitsa ukhondo ndi kuvala bwino, naletsa mowa. Zithunzi za nthawiyo zimaonetsa amayi ndi abambo a ku Mbombwe atavala mwaulemu ataima chilili. Kwa mbusayu zimenezi sizidali zodzionetsera. Ankafuna kuti munthu amene kumunda wa mzungu ankaitanidwa ngati kamwana adziwe kuti pamaso pa Mulungu ndi munthu wathunthu.

Bungwe la ku America lija lidatumiza owathandiza awiri, onse anthu akuda. Mbusa Landon Cheek adafika mu 1901, ndipo mayi Emma DeLany mu 1902. Mayiwa adayambitsa maphunziro a amayi ndi atsikana, makamaka kusoka, ntchito imene mayi Ida Chilembwe, akazi a abusa, adaipitiriza. M'nyumba ya mayi DeLany munkathandiza mnyamata wina wa pasukulupo, dzina lake Daniel Malekebu. Palibe akadaganiza kuti tsogolo lonse la mishoniyo lidali mwa mwana wotsuka mbale ameneyu. Dzinali tilisunge, tidzakumana nalonso.

Mpingo udakula. Pofika 1912 sukulu za PIM zidali ndi ana pafupifupi 1,000, ndipo nthambi zidafalikira m'midzi ya ku Chiradzulu mpaka ku Mulanje. Mu 1909 a Chilembwe adali m'gulu la anthu ophunzira ndi amalonda achikuda amene adayambitsa bungwe lothandizana la Natives Industrial Union. Cha m'ma 1913 adatsiriza tchalitchi chachikulu cha njerwa, chomangidwa ndi manja a akhristu eni ake. Anthu amene ankadziwa tchalitchi cha St Michael and All Angels cha ku Blantyre Mission, chimene chidatha mu 1891, tsopano ankaona kuti nawonso akuda adzimangira chawo.

Thandizo litachepa

Zaka zoyamba zidayenda bwino chifukwa katundu ankasenzerana anthu atatu, ndipo ndalama zinkabwera kuchokera kutsidya kwa nyanja. Koma pofika 1906 a Cheek ndi mayi DeLany adali atabwerera kwawo. Ndalama za ku America zidayamba kubwera mwa apo ndi apo, pamene sukulu zinkachuluka ndipo aphunzitsi ankayembekeza malipiro. Akhristu ambiri a mpingowu adali osauka, olipidwa tindalama tochepa m'minda ya azungu, ndiponso okakamizidwa kukhoma msonkho wa nyumba. Mbusa adayesa njira zosiyanasiyana, ngakhale kusaka njovu kuti agulitse minyanga, koma ngongole zidakulabe.

Thupi nalo lidayamba kukana. Ankavutika ndi chifuwa cha mphumu, maso adayamba kuchita chidima, ndipo mwana wawo wamkazi adamwalira. Adali ndi madikoni ndi aphunzitsi okhulupirika, koma akuluakulu amene adawatuma adali kutali, kumene kalata inkatenga masabata ambiri kuti ifike. Amishoni oyandikana nawo, Akatolika ndi Askoti omwe, ankapikisana nawo pa sukulu ndi pa anthu. Mbusa amene aliyense ankamutulira nkhawa adalibe mbusa mnzake wapafupi woti amutulire zake.

Apa pali phunziro limene komiti iliyonse ya zomangamanga iyenera kulisunga. Mnzako wakunja angakuthandize kuyala maziko, koma sadzalipira mphunzitsi wako mpaka kalekale. Ndipo akulu adati mutu umodzi susenza denga. Mtsogoleri amene watopa, wadwala, ali ndi ngongole, ndipo ali yekha, amaona njira zochepa kuposa zimene zilipo.

Nkhosa za pa esiteti

Kumpoto kwa Mbombwe kudali minda ikuluikulu ya A. L. Bruce Estates ku Magomero. Mwini wake adali mdzukulu wa David Livingstone, ndipo woyang'anira adali William Jervis Livingstone. Ambiri mwa antchito adali Alhomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Pofuna malo okhala ankalowa thangata, ndiye kuti kugwira ntchito m'munda wa mzungu m'malo mwa lendi. Pa lamulo idali miyezi yowerengeka, koma pa esitetiyi miyezi inkatalikitsidwa, malipiro adali ochepa, ndipo chikoti sichinkasowa. Nthawi ya dzinja, pamene munthu amafunika m'munda mwake, ndi imene ankafunidwanso kwa bwana. Njala ya mu 1912 ndi 1913 idawonjezera mavuto, popeza anthu ambiri adalowa m'dziko muno kudzafuna chakudya.

Anthu amenewa ndiwo ankadzaza mabenchi a PIM. Eni esiteti sankafuna sukulu pamalo awo, ndipo tinyumba topempherera ta udzu timene akhristu a PIM ankamanga kumeneko tinkatenthedwa. Mbusa ankamva madandaulo amenewa Lamulungu lililonse. Kwa zaka zambiri adayenda m'njira ya malamulo. Ankalimbikitsa anthu ake kukhoma msonkho, ndipo kuboma ankadziwika ngati munthu wosunga mtendere.

Kenaka mu 1914 kudabuka nkhondo yaikulu ya dziko lonse. Mu Sepitembala chaka chomwecho asikari achikuda adafa ku Karonga pomenyana ndi Majeremani, ndipo amuna ambiri ankatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo. Mu Novembala a Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Adafunsa chifukwa chimene anthu osauka, amene pa mtendere sawerengedwa, ankafera nkhondo imene sadaiyambitse, n'kusiya amasiye ndi akazi amasiye opanda kanthu. Boma lidaletsa kalatayo kuti isafalitsidwe, ndipo lidayamba kukonza zowachotsa m'dziko muno.

Kalata imeneyi ndi imodzi mwa ntchito zaubusa zenizeni za a Chilembwe. Mbusa amene amaona mikwingwirima pamsana pa nkhosa zake n'kumangolalikira za kumwamba wasiya theka la ntchito yake. Iwo adalankhula, ndipo adasaina dzina lawo. Tchimo lalikulu la boma la atsamunda lidali kutseka khomo lomalizira limene munthu wamtendere adagogodapo.

Januwale 1915

Khomo litatsekedwa, ku Mbombwe kudayamba misonkhano yachinsinsi. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 magulu a anthu adanyamuka. Ena adapita ku Magomero, kumene adapha William Jervis Livingstone n'kumudula mutu. Azungu ena awiri a pa esitetiyo, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, adaphedwanso. Amayi ndi ana achizungu sadawapweteke, monga mbusa adalamulira. Gulu lina lidabwera kuno ku Blantyre kudzathyola nyumba yosungira mfuti ya kampani ya African Lakes ku Mandala, koma lidangotenga mfuti zowerengeka. Ku Ntcheu, kumene Filipo Chinyama adayenera kudzutsa anthu, zidalephereka. Mmawa wa Lamulungu mapemphero adachitika m'tchalitchi cha ku Mbombwe mutu uja uli poonekera.

Pa 26 Januwale gulu lina lidafika pa mishoni yathu ya Nguludi, likulu la Ambuye Louis Auneau, episkopi wa nthawiyo. Nyumba za mishoni zidatenthedwa, ndipo wansembe, Bambo Swelsen, adavulazidwa koopsa, ngakhale adachira. Mishoni imeneyi siinkalembetsa munthu thangata la pa esiteti ya Bruce. Koma moto ukabuka m'tchire susankha udzu.

Mitundu ya anthu imene ankayembekeza kuti idzuka siidadzuke. Asikari a boma adalanda Mbombwe, ndipo tchalitchi chija, chimene chidadya thukuta la akhristu zaka zingapo, adachiphulitsa ndi mabomba. Pa 3 Febuluwale a Chilembwe adawomberedwa m'dera la Mulanje akulowera ku malire a Mozambique, ndipo adaikidwa mwachinsinsi. Anthu oposa 30 adaweruzidwa kuti aphedwe, ena adawomberedwa m'tchire popanda mlandu kuzengedwa, ndipo pafupifupi 300 adatsekeredwa m'ndende. Mwa ophedwawo mudali John Gray Kufa, mkulu wa mpingo wa Blantyre Mission ndiponso wodziwa ntchito ya chipatala, ndi Duncan Njilima, munthu wamalonda. Midzi idatenthedwa, sukulu zonse za PIM zidatsekedwa, ndipo mpingo udaletsedwa. Komiti yofufuza imene boma lidakhazikitsa idatulutsa lipoti lake mu 1916, ndipo idavomereza kuti pa esiteti ya Bruce anthu ankazunzidwadi.

Dziko lathu limawalemekeza a Chilembwe chifukwa adakana kuti munthu wakuda akhale chopondapo m'dziko lake lomwe, ndipo ulemu umenewu ndi woyenera. Sitingaweruze mopepuka anthu amene adamenyedwa, kulandidwa malo ndi kutsekedwa pakamwa. Komabe ife owerenga Mthenga Wabwino timakumbukiranso kuti m'munda wa Getsemani Ambuye adauza Petro kuti abweze lupanga m'chimake. Ndipo tikayang'ana monga mpingo, mtengo wake udali woopsa. Zimene zidamangidwa zaka 15 zidagwa m'masiku 12. Madikoni ndi aphunzitsi adaphedwa, ana 1,000 aja adasowa sukulu, ndipo thangata lidapitirirabe zaka zambiri. Chisankho cha mtsogoleri sichigwera iye yekha. Chimagweranso mayi wokalamba wa pabenchi yakumbuyo amene sadaitanidwe kumsonkhano.

Mwana uja abwerera

Atsamunda adaganiza kuti nkhani ya Mbombwe yatha. Njerwa zidali mulu, mbusa adali m'manda osadziwika. Koma adaiwala mwana wotsuka mbale uja.

Mayi DeLany atabwerera kwawo, Daniel Malekebu adawatsatira. Adayenda pansi mpaka ku doko la Beira, nagwira ntchito m'sitima ya pamadzi kuti awoloke nyanja. Ku America adaphunzira za ubusa ndi za udokotala, ndipo mu 1917 adatsiriza maphunziro pa Meharry Medical College mumzinda wa Nashville, nakhala Mmalawi woyamba kukhala dokotala. Adakwatira mayi Flora, wobadwira ku Congo amene adakulira ndi kuphunzira ku America. Atayesa kubwerera kwawo koyamba, boma lidawabweza. Iwo sadataye mtima. Adakatumikira ku Liberia, akulemberabe boma makalata, mpaka adaloledwa.

Mu 1926 Dr Malekebu adatsegulanso PIM ku Mbombwe, patatha zaka 11 chiitsekereni. Sadapeze bwinja lokha. Adapeza anthu amene adasunga chikhulupiriro chawo m'nyumba zawo zaka zonsezo, opanda mbusa, opanda tchalitchi, opanda chilolezo. Sukulu zidatsegulidwanso, chipatala chidayamba, ndipo tchalitchi chachikulu cha New Jerusalem chimene chilipo lero chidamangidwa pafupi ndi mabwinja a chakale. Mpingowo udafalikira mpaka m'maiko oyandikana nafe, ndipo ulipo mpaka lero.

Nguludi nayonso idadzuka paphulusa. Ambuye Auneau adamanganso mishoni, nayambitsa chipani cha masisitere achimalawi cha Atumiki a Maria Virigo Woyera. Lero kumeneko kuli chipatala cha St Joseph ndi yunivesite ya Katolika. Mbombwe ndi Nguludi, amene adayang'anizana ndi mikondo mu 1915, akadali oyandikana, ndipo ana awo amakwera minibasi imodzi popita ku Limbe. Mbali zonse ziwiri zidapulumuka mwa njira imodzi: zidali ndi anthu ophunzitsidwa amene moto sukadawatentha.

Tikutengapo chiyani ife?

Yankho la funso lathu lija laoneka. Tchalitchi cha njerwa chidagwa tsiku limodzi. Ndalama za kunja zidauma. Mbusa mwini adaphedwa. Chimene chidatsala ndi munthu wophunzitsidwa: Daniel Malekebu, ndi akhristu a m'midzi amene mayina awo sadalembedwe paliponse. Ntchito yokhalitsa ya a Chilembwe siidachitike usiku wa pa 23 Januwale. Idachitika m'mawa wamba, m'kalasi ya udzu, pamene mwana wina ankaphunzira kulemba dzina lake pa sileti.

Tiyeni tsono tidziyang'ane. M'maparishi athu a mumzinda timadziwa kusonkhetsa ndalama za simenti, malata ndi matailosi, ndipo ndi bwino kuti nyumba ya Mulungu ikhale yooneka. Koma tifanizire ndalama zimene timaika pa khoma ndi zimene timaika pa maphunziro a makatekisiti, aphunzitsi a Tilitonse ndi achinyamata. Nthambi imene ili ndi tchalitchi chokongola koma yopanda anthu odziwa kuphunzitsa chikhulupiriro yamanga chigoba. Mwana amene amasesa m'tchalitchi Loweruka, kapena amene wasiya sukulu chifukwa cha fizi, mwina ndiye Malekebu wa parishi ino. M'mera mpoyamba.

Chachiwiri, tiphunzire kudzidalira thandizo lisadathe, osati litatha. Pa sinodi ya dayosizi ya Lilongwe ya 1973 mpaka 1975, Ambuye Patrick Kalilombe adaphunzitsa kuti Mpingo uyenera kudzitumikira, kudzifalitsa ndi kudzidyetsa wokha, ndipo miphakati yathu idakula kuchokera m'maganizo amenewa. Mtulo ndi chopereka cha mayi wogulitsa tomato mumsika wa Ndirande n'chochepa, koma chimabwera chaka ndi chaka. Mpingo womangidwa pa chimenechi sugwedezeka mlendo akalongedza katundu.

Chachitatu chikupita kwa atsogoleri: apampando a miphakati, a mabungwe, a makwaya ndi a khonsolo ya parishi. Kuyambitsa chinthu sikukhala mwini wake. Ngati mabuku a ndalama, makiyi ndi mapulani onse ali m'thumba la munthu mmodzi, gululo lidzadwala tsiku limene iye adzadwale. Phunzitsani wodzalowa m'malo mwanu mukadali ndi mphamvu. Mukafuna kupanga chisankho chachikulu mutakwiya kapena mutatopa, yambani mwafunsa amene angakutsutseni, osati okhawo okuwombera m'manja. Ndipo ife otsogoleredwa tisamangotula mitolo yathu pakhomo pa Bambo Mfumu, katekisiti kapena wapampando. Tiziwafunsanso kuti adzuka bwanji.

Chachinayi, Mpingo usatseke pakamwa pamene anthu ake akuponderezedwa. Thangata lidatha, koma pakati pathu pali alonda ogwira usiku wonse pa malipiro osakwana thumba la chimanga ndi lendi, atsikana antchito za m'nyumba amene miyezi imatha osalandira kanthu, ndi amasiye olandidwa nyumba maliro asadazizire. Ena mwa owalemba ntchito ndi owalanda timakhala nawo pabenchi limodzi pa Misa. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi athu, mmodzi mwa iwo Ambuye James Chiona a arkidayosizi ino, idawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno. Idatchula poyera za malipiro ochepa, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Boma lidaitcha kalata youkira, maepiskopi adaopsezedwa, koma mu Juni 1993 Amalawi adavota pa referendamu. Kalata ya 1914 idalembedwa ndi munthu mmodzi, ndipo adaitsekera m'kabati. Ya 1992 idasainidwa ndi abusa onse pamodzi n'kuwerengedwa tsiku limodzi kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndipo padalibe kabati yoti n'kuikwana. Choonadi chikanenedwa ndi Mpingo wonse, mopanda mantha ndiponso mopanda mkondo, chimafika patali.

Pomaliza, m'sabata yopempherera umodzi wa akhristu, tikumbukire kuti mu 1915 obatizidwa adakhetsa magazi a obatizidwa anzawo, mbali zonse. Mpikisano wa mipingo udathandiza kuti mbusa wa ku Mbombwe asowe mnzake womulangiza pamtunda waufupi chotere. Lero m'mabanja mwathu muli a CCAP, a Anglican, a Baptist, a PIM ndi a mipingo ya Pentekosite. Timakumana pamaliro, pachitsime ndi pamzere wa kuchipatala. Sitigwirizana pa zonse, ndipo sitibisa chikhulupiriro chathu cha Katolika. Koma mbusa wa mpingo woyandikana nafe si mdani, ndipo mavuto a nkhosa zake ndi omwewo a nkhosa zathu.

Pa Misa ya lero tipempherere mizimu ya onse amene adafa mu Januwale ndi Febuluwale 1915, akuda ndi azungu omwe. Tipempherere abale athu a PIM, ndi onse amene akuyambitsa nthambi ndi miphakati yatsopano m'parishi muno. Mulungu awapatse mtima wolimba woteteza osauka, nzeru zosenzerana katundu ndi anzawo, ndi maso oona mwana amene adzapitirize ntchito iwo atapita.